Ngalande za Malata a Apongozi

Sunthirani kuno, utsi ukulowera uko. Iyi si nkhani ya kalekale ayi. Mgolo wake ukadalipo mpaka lero, ndipo amene angakwere mapiri a kumadzulo kwa Ntcheu akhoza kukaugogoda ndi dzanja lake.

Kumeneko kunali mkamwini wina dzina lake Bizeki Nkhoma. Kwawo kunali ku Balaka, kuchigwa, kumene munthu amatha kuyenda tsiku lonse osakwera ngakhale chulu. Anadzakwatira Esinati, amene aliyense ankangomutchula kuti Nagama, namanga nyumba ya malata pamwamba penipeni pa mudzi. Pamalopo mphepo inali yabwino ndipo maso ankafika kutali, koma madzi anali pansi. Kasupe anali kutsinde kwa phiri, ndipo kanjira kopita kumeneko kanali koti ngakhale mbuzi imayamba yaima kaye n'kuganiza.

Nagama anali woyembekezera. Anali atapita padera kawiri, ndipo ulendo uno anamwino akusikelo anamuuza mosapsatira mawu kuti ndowa pamutu ayi, mpaka mwana abadwe. Bizeki anayesa kutunga yekha. Tsiku loyamba anafika ndi zigubu ziwiri. Lachiwiri anafika ndi chimodzi ndi theka. Lachitatu chigubu chinamupulumuka pamtunda n'kugubuduka chokha mpaka kukasupe, amayi onse kumeneko n'kuchilandira ndi nthungululu. Kuyambira pamenepo, Bizeki akangotembenuka, Nagama ankapinda nkhata n'kutsika mozemba.

"Nanga mukufuna tizisamba malovu?" ankatero akagwidwa.

Ndiye Bizeki anakhala pansi n'kuganiza. Mvula ili pafupi. Denga lilipo, mgolo ulipo. Chosowa ndi ngalande zokha zija amamangirira m'mphepete mwa denga, kuti madzi onse aziyenda njira imodzi n'kukagwera mumgolo pakhomo pomwepo.

Anatsikira kuboma. Mwini sitolo anamuyalira mitundu iwiri pansi.

"Zoyerazi n'zapulasitiki, achimwene. Sizichita dzimbiri, n'zopepuka, akazi anu akaziona akuvinirani. Koma kwanu n'kuti?"

"Kumapiri uko."

"Aa, ndiye ayi. Dzuwa ndi mphepo ya kumeneko zikazithyola ngati bisiketi. Tengani zachitsulozi. Mukamachotsamo masamba, mdzukulu wanu adzazipeza."

Bizeki anazigogoda, anazinyamula, anazinunkhiza ndi kuzinunkhiza komwe. Atamva mtengo wake, anazibwezera pansi pang'onopang'ono ngati mwana wa eni ake ali m'tulo, nanena kuti adzabweranso. Anangogula waya.

Tsono kuseri kwa nkhokwe ya banja la kwa Nagama kunali mulu wa malata akale. Anali a kashedi ka apongozi ake, a Gama, amene anamwalira nthawi yozizira chaka chomwecho. A Gama anali mmisiri wokhoma zidebe, munthu wamtali, wosalankhula zambiri. Atamwalira, kashedi kawo anakagwetsa, ndipo abale anagwirizana kuti katundu wa malemu asakhudzidwe ndi munthu aliyense mpaka adzaphike mowa wowakumbukira chaka chamawa. Bizeki ankadziwa zimenezi bwino lomwe. Analipo pamene ankagwirizana, anaombanso m'manja. Koma Lamlungu lina, anthu onse akupita kutchalitchi, iye anadwala mutu wabodza. Atangoona kuti mudzi wati zii, anasolola malata awiri apansi, nawadula mizere ndi chikwanje chakale ndi nyundo, nawapinda pachipika cha bulugama, nawamangirira kumapaso ndi waya uja.

Nagama pobwera anaima chapatali, Baibulo lili m'khwapa.

"Mutu uja wapola msanga," anatero. "Malata mwawapeza kuti?"

"Akale, akumsika. Ndinawabisa kuti ndikudzidzimutse."

"Mwandidzidzimutsadi. Chimenechi n'chiyani, a Nkhoma? Njoka yoledzera?"

"Iwe Nagama, dikira uone."

Anakwera makwerero ndi kapu ya madzi, nathira mungalande. Kusukulu amati madzi amatsata kotsika, ndipo sanama. Madziwo anaufulatira mgolo, anabwerera m'mbuyo, anapeza polumikiza, nadonthera m'khosi mwa Nagama amene anali ataima pakhomo.

Nagama anaseka mpaka anagwira mimba ndi manja awiri. "Zikomo, Nkhoma! Munalonjeza kuti madzi afika pakhomo. Afikadi!"

"Ndikonza mawa," anatero Bizeki.

M'mawa mwake, kum'mawa kutangoyamba kufiira, Bizeki anamva kanthu padenga. Kho. Kho. Kho. Kenaka zii. Kenaka kho, kho, kho. Sikunali kugogoda kwa munthu wothamanga ayi. Kunali kwapang'onopang'ono, ngati kanyundo kamtengo pachitsulo. Anadziuza kuti ndi khwangwala. Koma atatuluka, makwerero amene anawagoneka kuseri anawapeza ataimikidwa kumaso kwa nyumba. Waya wotsala uja anali atachepa. Ndipo ngalande inali itawongoka ngati chingwe, yopendekera kumgolo pang'ono chabe, mwina ngati kukula kwa chala.

Anayang'ana uku ndi uku. Panalibe munthu, panalibe phazi pafumbi. Anakwera, nathira kapu ya madzi, ndipo madziwo anayenda mwaulemu mpaka anakagwera mumgolo kuti tho.

"Ii! Mwadzuka nthawi yanji inu?" anafunsa Nagama, atatuluka akudzimanga chitenje.

Bizeki anatsika pamakwerero. "Mwamuna sagona ntchito ilipo."

Tsiku limenelo Nagama anam'phikira mazira awiri. Anadya, koma ankangoyang'ana kudenga.

Lachiwiri, masamba a bulugama amene mphepo inadzaza mungalande anapezeka ataunjikidwa bwinobwino pansi, pamwamba atapsinjapo mwala kuti asauluke. Nkhuku, zimene zinkakonda kufukula mbali imeneyo, zinayamba kuzungulira kuseri. Lachitatu Nagama anasowa sefa. Anafunafuna m'khitchini monse, anafunsa kwa anansi, mpaka anaipeza itadulidwa mozungulira bwino n'kukhomeredwa pakamwa pa paipi yotsikira mumgolo, kuti zinyalala zisamalowe.

"Sefa yanga ya ufa! A Nkhoma, simukanapempha?"

Bizeki anapepesa. Mazira analandira, ndiye mlandu anaulandiranso. Koma Nagama atalowa m'nyumba, iye anakwera kukaona polumikiza paja pankadontha. Iye anali atamatapo sopo ndi jumbo yosungunula. Sopo panalibe. Panali kamzere ka mtovu, kowala, kopyapyala ngati ulusi, ntchito ya dzanja lodziwa. Bizeki analibe mtovu. Sankadziwa n'kagwiridwe kake komwe. Anakhudza ndi chala, ndipo panali pofunda, ngakhale kuti dzuwa linali lisanafike mbali imeneyo. Kafungo ka makala kanali kakadali m'mphepo. Kaya makala oterowo amayatsidwa kuti, m'buku la sayansi mulibe tsamba lake.

Anatsika, osauza munthu.

Lachinayi m'mawa kunabwera Felesiya, mng'ono wake wa Nagama, mtsikana wa pakamwa posatseka. Anapeza Nagama akusenda kachewere pakhonde, Bizeki ali pambali pake.

"Alamu!" anaitana asanafike n'komwe. "Mwasanduka kadzidzi? M'mamawa uja ndikupita kudimba ndakuonani padenga."

"Ndimakonza ngalande," anatero Bizeki.

"Ndakupatsani moni kawiri, inu kungondifulatira. Mwayamba kunyada chifukwa cha malata opindapindawa? Ndipo mwatalika liti, inu wofanana ndi mtondo? M'nkhungu muja mumaoneka ngati mlongoti."

Mpeni wa Nagama unaima. "Inali nthawi yanji, Felesiya?"

"Kusanayere bwino."

Nagama anatembenuka pang'onopang'ono. "Nthawi imeneyo awa anali kuliza mkonono, mwendo uli pa ine."

Felesiya anayamba kuseka, koma anaona nkhope ya mkulu wake n'kusiya. Anatsanzika msanga, zimene sanachitepo chibadwire.

"Sindinu mwakhala mukukonza," anatero Nagama chapansipansi.

Bizeki anayang'ana zala zakuphazi.

"Kawiri konse ndabwera kuchipatala manja ali lende, a Nkhoma. Kawiri. Lero wina akukwera padenga langa kusanache, akugwiragwira njira ya madzi oti ndimwe ine, inu n'kumadya mazira? Mukudziwa chimene akuikamo? Madzi amenewo sindimwa. Muzichotse."

"Nagama, mvula ili pafupi. Taona mitambo."

"Muzichotse. Apo ayi, ndowa yanga ilipo, kasupe sanasamuke."

Bizeki anafuna kuulula za malata aja. Koma akananena bwanji? Mkamwini wakuba katundu wa malemu amangomumangira mphasa yake n'kumulozera njira ya kwawo.

Madzulo a tsiku lomwelo, chisisira chitagwa, Bizeki ankakwera kanjira kaja ndi chigubu paphewa. Nkhungu inali itatsika. Kutsogolo anaona munthu akubwera, wamtali, wachipewa chamlaza, thumba lili paphewa, m'thumbamo tizitsulo tikulira pang'onopang'ono. Bizeki anakonza pakhosi kuti apereke moni. Koma kutatsala mapazi ngati makumi awiri, munthu uja anapatuka, nalowa m'munda wa nandolo, nafulatira, naima chilili.

Kumeneko mkamwini ndi apongozi sayang'anana m'maso. Akakumana panjira, wina amapatuka kuti mnzake adutse. Zaka zisanu ndi chimodzi a Gama ankapatuka chomwecho, asanapatuke Bizeki, chifukwa miyendo yawo inali yaitali. Ndipo zaka zonsezo sanamuuzepo kuti ntchito yake yaipa. Bizeki atamanga khola la mbuzi lopendama, m'mawa analipeza lili chiongokere. Ataika mpini wa khasu mokhota, anaupeza utakhomedwanso. Nkhani inkathera pomwepo.

Bizeki anawazindikira. Anatsitsa chigubu, nanjuta m'mbali mwa njira, nayang'ana kumbali, naomba m'manja pang'onopang'ono. Anakhala choncho mpaka miyendo inachita dzanzi. Atadzutsa mutu, m'nandolo munalibe munthu, ndipo panalibe nthambi ngakhale imodzi imene inkagwedezeka.

Lachisanu Bizeki anazengereza. Anati nyundo yasowa. Itapezeka, anati dzuwa latentha. Cha m'ma 3 koloko masana mitambo yakuda inatulukira kuchokera ku Mozambiki, ndipo kunada ngati madzulo, mpaka nkhuku zinalowa m'khola. Mphepo inabwera ndi fungo la dothi lonyowa. Apo Nagama anatuluka, nkhata ili pamutu, ndowa ili m'manja.

"Mgolo wanu ndauvundikira," anatero. "Ndikupita kukasupe isanagwe."

Bizeki anayang'ana kanjira kaja. Mvula ikangogwa kamaterera ngati therere, ndipo amuna athanzi amatsika ndi matako.

"Ima! Ndikuchotsa pompano. Ima pomwepo, Nagama, chonde."

Anakoka makwerero, nawaimika mothamanga, osayang'ana kuti mwendo wina uli pamwala wina padothi. Anakwera mpaka pamwamba. Atangogwira waya woyamba kuti amasule, mphepo inaomba, ndipo makwerero anayamba kutsetsereka chammbali. Kumunsi kwake kunali miyala yokhayokha. Anagwira mphepete mwa ngalande, nayo inalira kuti ikuthothoka.

Kenaka makwerero anaima.

Sanakodwe penapake ayi. Aliyense amene anakwerapo makwerero amadziwa mmene amamvekera kumapazi munthu akawagwira pansi. Anabwerera pamalo pake pang'onopang'ono, nakhazikika nji ngati azikidwa. Fungo la makala ndi mtovu linakwera mpaka m'mphuno mwake.

"Zikomo, Nagama," anatero.

"A Nkhoma..." Mawu a Nagama anachokera kutali, kukhomo kuja. Ndowa inagwa n'kugubuduka pabwalo.

Bizeki sanayang'ane pansi. Mantha analipo, inde. Koma ngakhale pakanakhala popanda mantha, sakanayang'ana. Analeredwa bwino. Anayang'ana malata a denga, nakonza pakhosi.

"Gama," anayamba. "Ndalakwa, bambo. Malata awa ndi anu. Ndinatenga awiri kuseri kwa nkhokwe, Lamlungu, ndipo mutu sunkandipweteka n'komwe. Ndinaopa kupempha, ndimati abale akana. Chimene ndimafuna n'choti mwana wanuyu asasenzenso ndowa, basi. Mukati ndichotse, ndichotsa, ndikabwezera pamalo pake." Anapuma. "Komanso ntchito yanga ija inali yoipa, ndavomera. Mazira aja anali anu."

Mphepo inaleka. Mudzi wonse unati zii, ngakhale mbuzi sinalire. Ndiyeno m'mbali mwa makwerero, pafupi ndi phazi lake, panamveka mofatsa: kho, kho, kho.

Bizeki anatsika maso ali kukhoma. Atafika pansi panalibe munthu. Madontho akuluakulu anali atayamba kugwa, fumbi likudumpha paliponse, koma patsinde pa makwerero panali malo ozungulira, aakulu ngati mthunzi wa chipewa, amene anakhala ouma kanthawi ndithu. Kenaka nawo ananyowa.

Nagama anali atakhala pansi pakhomo, nkhata ikadali pamutu, misozi ili mbwembwembwe, koma akuseka.

"Mbava inu," anatero. "Mbava yeniyeni ya ku Balaka! Ine ndikuonda ndi mantha, kani ndi bambo anga?"

"Unawaona?"

"Musandifunse zimenezo." Anapukuta nkhope ndi nsonga ya chitenje. "Koma sefa ija mudzandigulirabe."

Apo mvula inakhuthuka. Denga linalira mwakuti munthu sukanamva mnzako. Ngalande inadzaza, madzi anathamanga mpaka kupaipi, ndipo Bizeki anadumphira kumgolo kuti achotse chivundikiro.

"Ayi, ayi, ayi!" anakuwa Nagama. "Bambo akuona, musawachititse manyazi! Madzi oyamba ndi otsuka denga. Muli fumbi la miyezi isanu ndi zitosi za mbalame. Asiyeni apite pansi."

Anaima awiriwo pakhonde kuyang'ana madzi akukhavukira pabwalo. Poyamba anali ofiira ngati tiyi wamkaka. Kenaka otuwa. Bizeki ankangodumphadumpha ngati mwana wofuna kukodza.

"Pano?"

"Dikirani."

"Nanga pano?"

Nagama anatambasula dzanja, natunga pang'ono, nawayang'ana pachikhatho. Anali oyera mbee.

"Pano."

Mgolo unayamba ndi phokoso lalikulu ngati ng'oma yopanda kanthu. Pang'onopang'ono mawu ake ananka natsika, nalemera, mpaka kunangotsala kuphwaphwa kwa madzi pamadzi. Kusanade unasefukira. Nagama anatunga chikho chodzaza, namwa chonse osapumira, madzi akuyenderera m'chibwano. Felesiya anatulukira akuthamanga, tsamba la nthochi lili pamutu, miphika iwiri ili m'manja, ndipo atamva nkhani yonse anaika miphika pansi, nagwada m'matope kuyang'ana kumakwerero, nati, "Bambo, pepani, ndinakutchulani mlongoti." Kenaka anakoka mlamu wake kupita naye pabwalo, navina naye m'mvula mpaka Bizeki anaterereka n'kukhala pansi m'chithaphwi. Nagama anawaimbira m'manja ali pakhonde, atakhalira ndowa yake yofulatiza.

M'mawa mwake Bizeki anapita yekha kwa amalume a Nagama kukaulula. Amalumewo anatenga ndodo, nakwera mpaka kunyumba kuja, naima pansi pa ngalande, nayang'anitsitsa kamzere ka mtovu kaja nthawi yaitali.

"Dzanja ili ndikulidziwa," anatero pomaliza. "Eni ake avomera. Ine ndine yani?"

Koma pakamwa pa Felesiya sipasunga kanthu. Pofika Lamlungu madzulo, khonde la Bizeki linali litadzaza. Ndowa zobooka, miphika yodontha, maketulo opanda zogwirira, makeni othiririra kudimba, ngakhale mbaula yothothoka kunsi. Aliyense ankabwera mwakachetechete, kuika chake pamzere, kuomba m'manja katatu kuyang'ana kudenga, n'kubwerera chafutambuyo. Mayi wina anasiyapo ndi mtedza wokazinga m'kambale.

"Mukuyesa apongozi anga ndi aganyu?" anadandaula Bizeki, koma palibe anamumva.

Kum'mawa kutafiira, kugogoda kuja kunamvekanso, nthawi yaitali kuposa masiku onse. Bizeki ndi Nagama anangogona chigonere akumvetsera, osayatsa nyali, osasuzumira pawindo. Dzuwa litatuluka, theka la mudzi linali litaima kale pabwalo. Aliyense ananyamula chake n'kuchiloza kudzuwa. Mabowo onse analipo. Ketulo inalibe chogwirira monga dzulo. Mtedza wokha ndiwo unali utatha, ndipo mpaka lero ena amaloza Felesiya.

Koma kumapeto kwa mzere kunali chinthu chimene palibe anabweretsa. Linali kabafa kakang'ono ka malata, kowala, m'mphepete mwake mopindidwa kawiri kuti musacheke khungu lanthete. Nagama anakanyamula, nayendetsa chala m'mphepetemo kuzungulira konse, nakalowetsa m'nyumba.

Mu Januwale m'kabafamo munasambira mwana wawo wamkazi, m'madzi a mumgolo, ndipo analira mokweza mwakuti amayi akutsinde kwa phiri anaimika ndowa zawo n'kuyamba nthungululu.

Yathera pamenepa. Wina asonkheze moto.